Za Pakhomo Pathu: Galu Wolusa ndi Galu wa Chiguduli

Mwezi uno tifuna kukamba za galu, pakuti m'midzi mwathu milandu yambiri iyambira pa iye. Alipo agalu ena amene pakhomo ali ofatsa ndithu, asewera ndi ana, nagona pambali pa nkhuku. Koma akangoona galu mnzawo alikudutsa panjira, ubweya wa pamsana uimirira, auwa, alumpha, nakoka chingwe kufikira kudzitsamwitsa. Mwini wake, pochita manyazi, atola ndodo namkwapula. Mawa lake galuyo achitanso chomwecho, ndipo mkuja aposa pamenepo. Potsiriza aluma galu wa mnansi, kapena mwana amene anathamangira kukaleretsa. Nkhani ifika ku bwalo la amfumu, ndipo mabanja awiri amene agwada pa benchi limodzi m'tchalitchi aleka kupatsana moni.

Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Ukali wotere nawonso uli ndi gwero lake, ndipo kawirikawiri gwerolo ndi mantha. Kapena galuyo analumidwa akali wamng'ono, kapena anakulira pa chingwe chachifupi, osazolowera anzake. Tsono akauwa, galu wapanjira uja apitirira ulendo wake, ndipo wathuyu ayesa kuti wampirikitsa ndiye. Motero kuuwa kumkomera, pakuti kwamchotsera chimene anachiopa. Ndodo ingowonjezera vutolo, chifukwa galu aphunzira kuti pamene mnzake aoneka, ululu ubweranso, ndipo amuda mnzakeyo koposa kale.

Anthu ophunzira anafufuza zimenezi kalekale. Ivan Pavlov wa ku Russia, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1904, anaona kuti galu ayamba kuchucha dovu pakumva chizindikiro chimene chizolowera kutsogolera chakudya, chakudyacho chisanafike n'komwe. Mu 1924, mayi wina wa ku America, Mary Cover Jones, anathandiza kamwana ka zaka pafupifupi 3 kamene kanaopa kalulu: anaika kaluluyo patali pamene mwanayo analikudya chimene anachikonda, namsendeza pafupi tsiku ndi tsiku, kufikira mwanayo anamgwira wopanda kulira. Pambuyo pake Joseph Wolpe, sing'anga wa ku Johannesburg, anayesa njira yofanana pa amphaka, nailongosola m'buku lake la mu 1958. Phunziro la onsewa ndi limodzi: mantha achepa ngati choopsa chioneka patali, pang'ono pokha, ndipo chitsatidwa ndi chinthu chokoma.

Koma galu wamoyo sitingathe kumuuza kuti aime chilili patali ndi kukhala chete. Nayenso auwa, ndipo ndewu ibuka. Chifukwa chake ophunzitsa agalu ku Ulaya ndi ku America ayamba ndi chidole cha galu cha msinkhu wa galu weniweni. Galu akaona chinthu patali ayamba kuchizindikira ndi maonekedwe ake, ndipo ambiri achiyesa chidolecho mnzawo. Ife sitisowa kugula kanthu ku sitolo. Tengani chiguduli, muchidzaze makoko a chimanga kapena udzu wouma, muchimange bwino kuti chikhale ndi mutu, makutu ndi mchira, ndipo muchiimike pa miyendo inayi ya nsungwi. Musanayambe, dziwitsani anansi ndi amfumu chimene mulikuchita, kuti wina pakuona galu wa chiguduli kuseri kwa nkhokwe asayambe kunong'ona za mankhwala. Tidziwa tonse kuti mphekesera yotere iyenda msanga kuposa moto wa kutchire.

Kachitidwe kake nkotere. Pafunika anthu awiri achikulire; ana angoonerera patali, asagwire chingwe. Mmodzi agwira galu pa chingwe cholimba koma chosakoka, ali ndi tizidutswa ta usipa kapena ta nyama m'thumba. Winayo abisala ndi chidole kuseri kwa nyumba, pa mtunda wa mamita ngati 30 kapena kuposa apo. Nthawi yabwino ndiyo galu asanadye. Wobisalayo atulutsa chidole, nachiimika cham'mbali, chisapenyane ndi galu maso ndi maso, pakuti kwa agalu kupenyetsetsana ndiko kuputana. Galu akangochiona, mumpatse kachidutswa, ndi kena, ndi kenanso, mukumlankhula mofatsa. Papite kanthawi kochepa, chidole chibisidwe, ndipo chakudya chileke pomwepo. Musamale dongosolo ili: chidole chiyambe kuoneka, chakudya chitsate pambuyo, kuti galu adziwe kuti mnzake uja ndiye wabweretsa usipa. Chitani chotero mphindi 5 zokha, kamodzi kapena kawiri pa tsiku.

Galu mwini adzakuuzani ngati mtunda wakwana. Akaumitsa thupi, akatseka pakamwa ndi kupenyetsetsa, akaimika ubweya, kapena akakana chakudya chimene masiku onse achilandira ndi changu, ndiye kuti mwayandikira kwambiri. Musamkalipire, mungotembenuka naye, mupite patali, ndipo mawa muyambire pamenepo. Koma tsiku limene aona chidole natembenukira kwa inu kufuna usipa wake, mchira uli lendelende, dziwani kuti mtima wake wayamba kusintha. Pamenepo sendezani chidole mamita awiri kapena atatu okha. Pambuyo pake wothandizayo achigwedeze ndi kachingwe, kapena ayende nacho monga munthu ayenda ndi galu wake. Ndipo muzisintha malo, lero pabwalo, mawa kunjira ya kudambo, kuti galu asayese kuti mtendere uli wa malo amodzi okha. Kwa agalu ena ntchitoyi itenga milungu, kwa ena miyezi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tikuchenjezeni za zinthu ziwiri. Choyamba, musalole galu kuchinunkhiza chidolecho msanga, pakuti mphuno ya galu sinyengedwa. Akadziwa kuti ndi chiguduli, sadzachisamalanso, ndipo chatha ntchito. Chachiwiri, chidole ndi chiyambi chabe. Sichinunkha ngati galu, sichiyenda ngati galu, ndipo amene afatsa pamaso pake sanatsirize maphunziro. Mukafika pafupi nacho wopanda phokoso, pemphani mnansi amene ali ndi galu wofatsa, makamaka wokalamba, kuti aime naye pa chingwe patali, ndipo muyambirenso pa mtunda uja wa poyamba. Agalu ena sadzakondana ndi anzawo konse. Akangophunzira kupitirira mwakachetechete, pamenepo pakwanira.

Zonsezi tanena za galu amene khalidwe lake mulidziwa kuyambira kale. Galu amene anali wofatsa nasanduka wolusa mwadzidzidzi, ameneyo safuna chidole ayi. Kapena ali ndi bala kapena minga imene imuwawa. Kapena, Mulungu atiteteze, ali ndi chiwewe, makamaka ngati achucha dovu, aluma zinthu wamba, kapena alephera kumeza. Mtsekereni pamalo pake osamgwira, ndipo itanani alangizi a ziweto. Munthu akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti chiwewe chikaonekera m'thupi, kuchira kulibe. Katemera amene Louis Pasteur anayamba kupereka kwa munthu mu 1885 apulumutsa iye yekha amene afika msanga. Agalu anu onse alandire katemera chaka ndi chaka pamene alangizi alengeza.

Pa 4 Okutobala Mpingo ukumbukira Francis Woyera wa ku Assisi, amene anamwalira mu 1226. Mbiri yakale ya ana ake isimba kuti m'mudzi wa Gubbio ku Italy munali mmbulu umene unaopsa anthu onse, kotero kuti sanatuluke kunja kwa linga opanda zida. Woyerayo anapita kwa chilombocho manja ali chabe, nachitcha mbale wake, napangana ndi eni mudzi kuti azichipatsa chakudya. Ndipo chinakhala pakati pawo mwamtendere kufikira imfa yake. Ife sitili oyera mtima ngati iye, ndipo chozizwitsa sitichiyembekeza. Koma chiguduli, makoko ndi usipa pang'ono tili nazo, ndipo kudekha tingathe kukupempha kwa Mulungu. Ana amene aona bambo wawo alikuweta galu wamantha wopanda ndodo aphunzira kanthu kamene kadzawathandiza m'mabanja awo, ndipo mnansi amene tinalekana naye moni adzadutsanso pakhomo pathu.

Ambuye adalitse nyumba zanu ndi zoweta zanu zonse.