ALONDA ATATU A PAKHOMO

Ana inu, cuma ca m'nyumba ya kumudzi sicioneka cambiri, koma conse cinadza ndi thukuta. Khasu, nkhwangwa, ndowa, bulangete, njinga, wailesi, mbuzi za m'khola ndi matumba a cimanga, zonsezi atate ndi amai anu anazipeza pang'ono pang'ono, cina caka cino, cina caka cinzace. Tsono mbala ikalowa usiku umodzi, itenga nchito ya zaka zambiri. M'mawa mwace mwana asowa copfunda, wodwala asowa njinga yomtengera kucipatala, ndipo banja lonse liyamba kuyang'ana anansi ao ndi diso loipa.

Pali alonda atatu oyenera kusunga khomo liri lonse. Woyamba ndiye loko, waciwiri ndiye mnansi, wacitatu ndiye kope lolembamo katundu wa m'nyumba. Awiri oyambawo anthu onse awadziwa. Wacitatuyo apezeka m'nyumba zowerengeka zokha, koma ine nditi asasowe m'nyumba iri yonse, pakuti mtengo wace ngwocepa, ndipo nchito yace mukhoza kuigwira inu nomwe muli pa sukulu.

Mlonda Woyamba: Loko

Makolo athu akale anatseka nyumba zao ndi citseko ca bango ndi mpiringidzo. Lero tiri ndi zitseko za matabwa ndi maloko a citsulo. Kodi mudziwa umo loko agwirira nchito? M'kati mwa maloko ambiri muli timisomali tating'ono, tina tatitali, tina tatifupi, timene tigwira kacitsulo ka m'katimo kuti kasazungulire. Mano a kiyi atukula kamsomali kali konse kufikira pa muyeso wace, ndipo tonse tikalingana loko atseguka. Kiyi wacilendo atukula tina mopitiriza, tina mopereweza, ndipo loko akana. Amene anakonza bwino loko wa mtundu uwu, wa kiyi wamng'ono wophwatalala, ndiye Linus Yale wa ku America, m'zaka za 1861 ndi 1865.

Koma musayese kuti alipo loko wosatheka kumtsegula. Ku London kunali mmisiri dzina lace Joseph Bramah, amene anapanga loko wace m'caka ca 1784. Pambuyo pace anaika loko wina pa zenera la sitolo yace, nalonjeza ndalama zagolidi 200, zochedwa guinea, kwa munthu amene akamtsegule wopanda kiyi wace. Zinapita zaka zambiri wopanda wokhoza. Koma m'caka ca 1851 anafika Alfred Hobbs wa ku America, nalimbana naye maora 51 pa masiku 16, namtsegula.

Nkhani iyi itiphunzitsa nchito yeniyeni ya loko, ndiyo kucedwetsa mbala. Hobbs anali nayo nthawi, ndipo panalibe womuopsa. Mbala iribe nthawi yotere. Iopa kucedwa, iopa phokoso, iopa kuunika. Cifukwa cace ciri conse cimene ciicedwetsa kapena kuicititsa phokoso cithandiza mwini nyumba.

Potero yang'anani citseko ca kwanu. Loko wolimba pa citseko cobvunda ali ngati civundikiro catsopano pa mphika wobooka. Ngati ciswe cadya mphuthu, mbala ingokankha ndi phewa. Ngati misomali yogwira kacitsulo kokolekapo loko iri poyera kunja, mbala iizula, nisiya loko ali cikhomere. Zenera lopanda zitsulo ndilo khomo laciwiri. Ndipo kiyi wobisika pansi pa mwala wa pakhonde kapena pamwamba pa citseko sanabisike konse, pakuti mbala iyamba kufuna pomwepo.

Mlonda Waciwiri: Mnansi

Loko alibe maso, alibenso pakamwa. Mnansi ali nazo zonse ziwiri. Mbala isankha nthawi yace mocenjera: tsiku la msika, tsiku la maliro pamene mudzi wonse wapita kumanda, usiku wa mvula pamene phokoso la pa malata ligonthetsa ogona m'nyumba, miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zambiri zatha, ndi nyengo yogulitsa mbeu pamene ndalama zalowa m'mudzi. Pa nthawi zotere banja lisacoke lonse wopanda kutsazika. Atate auze mnansi wokhulupirika kuti, "Tacoka, tidzabwera Lacinai, mutiyang'anire pakhomo." Akuru anati, mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako.

M'dziko lathu la Malawi apolisi anayamba m'caka ca 1997 kugwirizana ndi anthu a m'midzi pa nchito ya citetezo, ndipo m'midzi yambiri muli magulu oyendera usiku. Magulu otere ayenera kuthandizidwa. Koma akagwira munthu, nchito yao ndiyo kumpereka kwa apolisi ali wamoyo ndi wosapwetekedwa. Kumenya kapena kutentha wogwidwa ndi mlandu waukuru pa lamulo, ndipo khamu lokwiya usiku likhoza kupha munthu wosacimwa. Inunso, mukamva mbala m'nyumba, musalimbane nayo. Dzutsani akuru, pfuulani kuti anansi amve. Njinga igulidwanso, moyo sugulidwa.

Pali zinthu ziwiri zimene ana aononga nazo mlonda uyu. Coyamba ndi lilime. Mwana wonyada auza anzace pa njira kuti, "Atate agulitsa fodya, ndalama ziri pansi pa mphasa." Anzacewo sali mbala, koma mau ayenda, nafika m'khutu la mbala. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkuru. Caciwiri ndi kukonda zochipa. Munthu wacilendo akadza madzulo ndi wailesi kapena foni ya mtengo wocepa modabwitsa, wopanda lisiti, kumbukani cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Lamulo lilanga wolandira katundu amene adziwa kuti ngwakuba, ndipo mudzi wopanda ogula zakuba mbala iuthawa, pakuti siba njinga kuti iidye.

Mlonda Wacitatu: Kope

Tsono tiyerekeze kuti loko wathyoka, mnansi anali m'tulo, ndipo njinga yapita. Patapita milungu itatu mumva kuti apolisi agwira munthu ndi njinga zisanu. Atate anu apita, naona yao pakati pa zinazo. Wapolisi afunsa kuti, "Bambo, mwaidziwa bwanji?" Atate ayankha kuti, "Njakuda, ya keliyala, ndaikwera zaka zinai." Koma njinga zakuda za keliyala ziri zikwi zambiri, ndipo pakhomo pomwepo paima munthu wina wonena mau omwewo. Wapolisi sakhoza kuweruza ndi misozi ya munthu, afuna umboni. Pamenepo amene aturutsa kope lolembedwa kale, lokhala ndi nambala ya njingayo, ndiye abwera nayo kwao.

Kope sililetsa mbala kulowa, ndipo zinthu zambiri zobedwa sizionekanso. Koma cinthu cikaoneka, loko ndi mnansi alibe mau onena; kope lokha ndilo licitira umboni mwini wace.

Kalembedwe kace nkosabvuta. Tengani kope latsopano, mujambule mizere yoimirira pa tsamba liri lonse, kuti pakhale zipinda zisanu: dzina la cinthu, nambala kapena cizindikiro cace, tsiku locigula, kumene cinagulidwa, ndi mtengo wace.

Njinga zambiri ziri ndi nambala yodindidwa pa citsulo cace, kawiri kawiri kunsi, pamene pazungulira zopalasira. Igadamitseni, mupukute matope, mulembe malemba ndi manambala onse mosamala. Wailesi, makina osokera ndi sola kawiri kawiri ziri ndi nambala kumbuyo kapena kunsi. Foni iri yonse ya m'manja iri ndi nambala yaceyace ya manambala 15, yochedwa IMEI. Mukadinda *#06# ioneka pomwepo, ndipo siisintha ngakhale mbala itaye kakhadi ka m'kati niikamo kena.

Zinthu zopanda nambala muzipatse cizindikiro ca banja lanu pa malo obisika. Khasu ndi nkhwangwa muziceke timizere pa citsulo, pakuti mpini mbala iusintha msanga. Bulangete mulisokere ulusi wa mtundu wina pa ngondya. Ndowa muilembe kunsi ndi utoto. Mbuzi muilongosole monga munthu woiona ndi maso: yaikazi, yoyera, banga lakuda pa phewa lamanzere, nyanga yamanja yothyoka nsonga, inaswa ana awiri mwezi wakuti. Kulemba kuti "mbuzi zinai" kokha sikuthandiza pa bwalo la mfumu. Matumba a cimanga muwawerenge pokolola, ndi kulemba liri lonse limene mutsegula. Malisiti onse muwamate kumapeto a kope. Mukagula cinthu kwa munthu wopanda lisiti, lembani dzina lace ndi la mboni imene inalipo.

Zinthu ziwiri musazilembe m'kopemo: malo obisapo ndalama, ndi nambala yacinsinsi ya ku banki kapena ya ndalama za m'foni. Kope lotere likagwa m'manja mwa mbala, lisanduka mtsogoleri wace.

Mulembe makope awiri, limodzi likhale m'nyumba lokulungidwa m'pepala la pulasitiki, lina kwa mbale wokhulupirika wa mudzi wina. Pakuti si mbala yokha itenga katundu. Moto ndi madzi zitenganso. M'caka ca 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba zambiri ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kum'mwera, ndipo madzi ndi matope zinatenga katundu pamodzi ndi mapepala omwe. Kope limodzi lokha lipita ndi nyumba yace.

Mau a Otsutsa

Wina adzati, "Katundu wanga ndimdziwa pamtima, ndilemberenji?" Funsani munthu wotere nambala ya njinga yace, muone ngati aichula. Mtima ukumbuka maonekedwe, koma uiwala manambala ndi masiku, makamaka m'mawa wa mantha pamene citseko capezeka cothyoka. Ndipo za pamtima zipita naye mwini wace kumanda, pamene zolembedwa zitsala. Ku England, m'caka ca 1086, mfumu William inatuma anthu kuyendera dziko ndi kulemba minda, makasu a ng'ombe, mphero ndi anthu okhalamo. Buku limenelo, lochedwa Domesday Book, lisungidwa kufikira lero ku Kew, mu London. Zapita zaka zoposa 900, eni mindayo onse anafa kale kale, koma za m'bukulo ziwerengekabe.

Wina adzati, "Ndine wosauka, ndiribe coti ndilembe." Koma wolemera akabedwa khasu agula lina tsiku lomwelo, wosauka akabedwa khasu lace limodzi nthawi ya dzinja, munda ulowa chire. Amene ali ndi zocepa ndiye ayenera kuzisunga koposa.

Winanso adzati, "Kulemba kotere kuonetsa kuti tikayika abale athu." Iai, kope lisunga cibale. Kawiri kawiri cinthu cimene tiyesa cabedwa cinabwerekedwa, ndipo wobwereketsa anaiwala. Nkhwangwa isowa, banja liganizira mnyamata wa nyumba yoyandikana, ena apita kukaombeza, dzina la munthu wosacimwa liipa, ndipo mabanja awiri aleka kupatsana moto. Patapita mwezi, atsibweni abwera nayo nkhwangwa ija, nathokoza. Tsono dzina loipitsidwa lija adzalitsuka ndani? Cifukwa cace patulani tsamba limodzi la zobwereketsa: cinthu, wobwereka, tsiku lotenga ndi tsiku lobweza. Musananene kuti "tabedwa," yambani mwatsegula tsamba limenelo.

Kope lithandizanso pa tsiku la imfa. Mwini nyumba akamwalira, nthawi zina abale atenga katundu, nasiya mkazi wamasiye ndi ana pa mphasa yokha. M'caka ca 2011 dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo la cuma ca masiye, limene liyesa kulanda kotere mlandu. Koma woweruza ayamba wafunsa kuti m'nyumbamo munali ciani. Kope lolembedwa atate ali moyo liyankha funso limenelo m'malo mwa ana amene sakhoza kutsutsana ndi akuru.

Nchito Yanu

M'nyumba zina agogo kapena amai sanapeze mwai wa sukulu, ndipo wodziwa kulemba ndinu. Musayembekeze kukula kuti maphunziro anu athandize pakhomo. Madzulo ano, mutatha kudya, mukhale pansi mwaulemu ndi kunena kuti, "Atate, amai, ndiloleni ndilembe katundu wa m'nyumba muno, kuti cikasowa cinthu tikhale ndi umboni." Iwo achule, inu mulembe, ndipo potsiriza muwawerengere zonse kuti abvomereze. Caka ciri conse, mutatha kukolola, mutsegulenso kopelo, muonjezemo zatsopano ndi kudula mzere pa zimene zinatha kapena kugulitsidwa.

Musati mudzalemba mawa. Nambala ya njinga ilembeka njingayo ikali pakhomo. Itapita, palibe poiwerenga. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Mafunso

1. Kodi nchito yeniyeni ya loko ndi yotani? Nkhani ya Bramah ndi Hobbs itiphunzitsa ciani?
2. Chulani nthawi zinai zimene mbala ikonda kubwera.
3. Nambala ya njinga ipezeka pati? Nanga ya foni muiona bwanji?
4. Ndi zinthu ziti ziwiri zosayenera kulembedwa m'kope la katundu?
5. Longosolani mbuzi kapena nkhuku imodzi ya kwanu, kuti munthu amene sanaionepo akhoze kuizindikira pakati pa zinzace.