Chigodola cha nkhumba chimayenda ndi mapazi athu

Aliyense woweta nkhumba amaopa m'mawa umenewu. Wafika pakhola ndi ndowa ya madeya, koma nkhumba imene imayamba kulirira chakudya kusanache lero yangoti khumaa pakona. Thupi latentha, makutu ndi kumimba kwafiira, ikati idzuke miyendo yakumbuyo ikugwedera. Mawa lake zina zitatu zaunjikana pamodzi ngati zikumva chisanu, ndipo yabere yataya ana. Sabata ziwiri zisanathe khola lati zii. Fizi ya ana, feteleza wa chaka chino ndi malata amene banja limawerengera zakwiriridwa limodzi ndi nkhumbazo.

Chimenechi ndicho chigodola cha nkhumba. Chimayamba ndi kachirombo ka mtundu wa vayirasi, chilibe mankhwala ochiza, ndipo katemera amene mlimi wa kuno angagule palibe. Chikalowa ndi ukali wake chimapha pafupifupi nkhumba zonse za m'khola. Munthu sichimudwalitsa, n'chifukwa chake ambiri timachipeputsa. Ife tikunena kuti munthu yemweyo, amene sadwala, ndiye amachinyamula kuchoka pakhola ili kupita pa lina, ndipo tikavomereza zimenezi nkhumba zambiri zidzapulumuka.

Mbiri ya nthendayi ikutichitira umboni. Inalembedwa koyamba ku Kenya mu 1921. Mu 1957 inapezeka ku Portugal, mu 2007 inafika ku Georgia, ndipo mu 2018 inalowa ku China, dziko limene panthawiyo linkaweta pafupifupi theka la nkhumba zonse za padziko lapansi. Maulendo ataliatali chonchi kachiromboka kamayenda ndi anthu, m'nyama ndi m'zotsala za chakudya. N'kolimba kwambiri: m'nyama yowumitsa kapena yothira mchere kamakhala miyezi, ndipo m'nyama ya mufiriji yowuma gwaa kamatha zaka. Kuno kwathu mliri umene unabuka ku Karonga mu 2010 unawolokera ku Kyela m'dziko la Tanzania chaka chomwecho.

N'zoona kuti kachiromboka kali ndi kwawo kutchire. Njiri ndi nguluwe zimakasunga osadwala, ndipo nkhufi zokhala m'mauna a njiri zimakatenga poyamwa magazi. Kafukufuku amene anachitika ku Mchinji m'zaka za m'ma 1980 anapeza nkhufi zonyamula kachiromboka m'makola a nkhumba zapamudzi, zitabisala m'ming'alu ya zipupa. Nkhufi yotere imasunga nthenda nthawi yaitali, kotero khola lakale likhoza kupha nkhumba zatsopano mwini wake akuganiza kuti mliri unatha. Komabe midzi yambiri imene imalira chigodola ili kutali ndi njiri. Kumeneko nthenda imabwera panjinga, pansapato, pampeni ndi m'mbale.

Tsiku loopsa koposa ndi limene nkhumba yoyamba yakana kudya. Mlimi amadziwa chimene chikubwera, ndipo mtima umamuuza kuti apulumutseko kangachepe. Amaimbira venda. Venda amabwera, amalowa m'khola ndi nsapato zimene m'mawa womwewo zaponda makola ena atatu, amasisita nkhumba iliyonse poyesa kunenepa, kenako amamanga ziwiri panjinga pamtengo wolira. Yodwalitsitsa imaphedwa kuseri kwa nyumba, magazi akulowa m'dothi, agalu akukokerana matumbo. Madzulo nyama ili pachiwaya kumsika, ina yagawidwa pangongole m'mudzi. Mayi amene wagula kilo amatsuka nyamayo, madzi otsukirawo n'kukathira m'chodyera cha nkhumba zake pamodzi ndi makoko a nsima. Palibe woipa mtima pa anthu onsewa, koma pofika usiku nthenda ya khola limodzi yagona m'midzi isanu.

Palinso zizolowezi zina zimene timaziona ngati zabwinobwino. Tikangokolola timatsegula makola kuti nkhumba zizidzifunira zakudya, ndipo zimakakumana kudzala, kudambo ndi pamalo ophera nyama. Timabwerekana nkhumba yamphongo mudzi wonse. Timagula ana a nkhumba pamsika osafunsa kumene achokera, n'kuwaponya m'khola tsiku lomwelo. Nkhumba yakufa timaitaya kuchigwa kapena mumtsinje. Chilichonse mwa zimenezi ndi khomo limene tasiya pululu.

Kutseka makomo amenewa sikulira chuma chambiri. Nkhumba zikhale m'khola chaka chonse, khola lolimba ndi lotchingidwa ndi mpanda kuti nkhumba zoyendayenda zisagunditsane mphuno ndi zam'kati. Wolowa m'khola akhale mmodzi, wokhala ndi jombo ndi chovala cha pakhola pokha. Pakhomo pakhale beseni la madzi a mankhwala opha tizirombo, ndipo matope ayambe achotsedwa kujombo chifukwa mankhwala sagwira ntchito pandowe. Wogula aone nkhumba ali kunja kwa mpanda. Akafuna ina, mwini atulutse yekha. Nkhumba yachilendo ikhale payokha masiku 30 isanasakanizidwe ndi zinzake. Zotsala zakukhitchini, makamaka zochokera m'malo odyera, ziwiritsidwe mphindi 30, ndipo zimene zakhudzana ndi nyama ya nkhumba zisapite kukhola n'komwe. Yakufa ikwiriridwe m'dzenje lakuya limene galu sangafukule, kapena itenthedwe. Khola limene mwadutsa mliri litsukidwe, ming'alu imatidwe, ndipo likhale lopanda nkhumba masiku osachepera 40. Ngati ndi lamitengo ndi udzu ndipo muli nkhufi, kulitentha n'kumanga lina pamalo ena ndiye nzeru.

Tikudziwa yankho la mlimi: kutsekera nkhumba kumafuna chakudya, ndipo m'miyezi ya njala madeya omwewo amalimbirana ndi anthu. Ili ndi dandaulo loona. Komabe nkhumba zitatu zodyetsedwa bwino m'khola zimafika pamsika, pamene khumi zotayirira zikhoza kutha sabata imodzi. Kuweta zimene ungathe kudyetsa, kusunga madeya nthawi yokolola akadali otchipa, ndi kudzala mbatata ndi chinangwa zothandizira ndi mbali ya chitetezo chomwecho.

Mpanda wa munthu mmodzi sukwanira ngati oyandikana naye atayirira. Apa m'pamene tikupempha mafumu ndi makalabu a alimi. Mudzi umene umatha kugwirizana za tsiku lolambula msewu ungathenso kugwirizana kuti nkhumba yoyendayenda ili ndi chindapusa, kuti nkhumba ikafa mosadziwika bwino mfumu ndi mlangizi wa ziweto amve tsiku lomwelo, ndi kuti palibe kupha kapena kugulitsa mpaka mlangizi ataona. Amene wanena msanga ayamikiridwe poyera, chifukwa wateteza makola a anzake. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Boma nalo lili ndi gawo limene mlimi sangalisenze. Nthambi yoona za umoyo wa ziweto ikaletsa kuyendetsa ndi kupha nkhumba m'dera, chiletsocho chifike pamsika uliwonse ndi parodibuloko iliyonse, ndipo chigwire wamkulu ndi wamng'ono mofanana. Alangizi a ziweto apatsidwe mayendedwe ndi zipangizo zotengera magazi, kuti zoyeza zifike msanga kulabotale yaikulu ya ziweto ku Lilongwe ndipo yankho libwerere nkhumba za mudzi woyandikana zikadali moyo. Koposa zonse, tikupempha kuti pakhale njira yoimika pamapazi mlimi amene wanena zoona, kaya ndi chipukuta misozi kaya ndi ana a nkhumba oyambiranso mliri ukadutsa. Malinga ngati wobisa amapezako kangachepe kwa venda pamene woulula amatsala manja lende, anthu adzapitiriza kubisa.

Nafenso ogula tisadzichotsemo. Nyama ya nkhumba ikatsika mtengo mwadzidzidzi m'dera, tifunse chifukwa chake. Tisanyamule nyama yochokera kumene kwabuka mliri kupita nayo kumudzi ngati mphatso, chifukwa phukusi limodzi likhoza kutsirizitsa makola a abale athu omwe.

Nkhumba ndi banki ya mabanja ambiri m'dziko muno: imaswa kawiri pachaka, imakula msanga, ndipo msika wake sutha. Kachirombo kamene kamaiwononga kalibe miyendo kapena mapiko. Kamadikira kuti wina akanyamule. Chaka chino, nkhumba yoyamba ikakana madeya, foni yoyamba ipite kwa mlangizi wa ziweto, ndipo chitseko cha khola chikhale chotseka mpaka iye atafika.