Mdala wa zaka 35: timutenge kapena timusiye?

Ndikulemba ndili kuno ku Thyolo, chiperoni chatikuta, fakitale ya tiyi yomwe sikuoneka. Nkhani ndi ya mpira, koma werengani mpaka pansi chifukwa mawa ikugwerani ku timu yanu ya pa dooko.

Lamulungu lapitali komiti ya timu yathu ya pa esiteti inakangana mpaka kuda. Pali winga wina amene anasewerapo Super League, kontirakiti yake inatha, palibe timu yamuimbira, ndiye wabwerera kwawo kuno. Ali ndi zaka 35. Akuti atha kutisewerera, bola timupatse kangachepe kosainira ndi malipiro mwezi ndi mwezi. Ndalama zake ndi zomwe timasonkha tokha, anthu othyola tiyi amene amalipidwa poyeza makilo pa sikelo. Tikamupatsa iyeyo, jezi zatsopano chaka chino kulibe.

Gulu lina likuti, "Ameneyu tinkamumvera pa wailesi, mutengeni." Lina likuti, "Watha uyu, mawondo anapita." Ine ndinawauza kuti onse akuyeza zolakwika. Oyambawo akugula dzina, enawo akuwerenga zaka. Palibe amene wafunsa kuti munthuyu panopa angatichitire chiyani m'bwalo.

Inu mukudziwa mmene zimakhalira pa chilimira. Bambo anga atayamba kudandaula msana, sanathenso kukoka khoka ngati alovi achinyamata. Mwini zida sanawathamangitse. Anawaika pa usiginala, akhale m'bwato ndi nyali, aziwerenga madzi ndi mphepo, azinena nthawi yoponya. Usipa unkaphedwa wambiri kuposa kale. Koma dziwani ichi: akanati aziwalipira ngati munthu wokoka pomwe sakukoka, alovi akanawukira usiku womwewo. Ntchito inasintha, mtengo wake unakambidwanso.

Wosewera wokalamba ndi chimodzimodzi. Choyamba kuthawa mwa winga ndi liwiro, kenako mphamvu zobwerera kudzathandiza kumbuyo, ndiponso akavulala amachedwa kuchira. Chotsala ndi maso, pasi, kona, firikiki ndi mtima wosanjenjemera pa penate. Ndiye funso ndi loti, timu yathu ikusowa ziti? Ngati tikusowa wothamanga mphindi 90 m'mbali mwa laini, mdalayu si wathu. Ngati anyamata athu amathamanga ngati mbuzi zomasulidwa koma palibe woimika mpira n'kuganiza, ndiye tiyeni tikambirane naye.

Kumbukirani mwana wakwathu ku Dwangwa, Esau Kanyenda, Black Mamba. Anayambira ku Dwasco, n'kupita ku Jomo Cosmos, kenako ku Russia, ku Rostov ndi Lokomotiv Moscow. Mu 2017 anachoka ku Polokwane City n'kubwera ku Wanderers ali cha m'ma 35, ndipo chaka chomwecho Manoma anatenga ligi yomwe anaitenga komaliza mu 2006. Sindikunena kuti anaitenga yekha. Anamuzungulira ndi anthu othamanga, iye n'kumachita zomwe ankadziwa. Ku Maule nako Fischer Kondowe anasewera nthawi yaitali anzake amsinkhu wake atapachika kale nsapato, chifukwa thupi ankalisamala.

Koma aise, tisanamizane. Timakumbukira awiriwa chifukwa ndi osowa. Ambiri amene amabwera ndi dzina lalikulu amasewera magemu atatu, kenako bondo, kenako benchi, malipiro akungolowa. Ndipo mwana wa zaka 19 amene malo ake anaperekedwa kwa mdalayo amakhumudwa n'kusiya mpira, mumupeza akukwera basi ya ku Joni. Mtengo umenewo palibe amaulemba m'buku la msungichuma.

Tiyi wandiphunzitsanso kanthu. Kuno kuli minda yakalekale, ngati ya ku Satemwa yomwe inayamba mu 1923. Tchire lakale la tiyi salizula chifukwa cha zaka, amayang'ana makilo amene mundawo ukutulutsa, amalidulira, n'kuonanso. Ndipo akafuna kubzala mbande zatsopano sazula munda wonse tsiku limodzi, chifukwa tiyi watsopano amatenga zaka asanayambe kuthyoledwa mokwanira. Wakale amadyetsa anthu pomwe wamng'ono akukula. Koma makilo akatsika zedi, amazula popanda kulira maliro.

Ndiye zomwe ndinauza komiti ndi izi. Choyamba, abwere ku tirening'i masabata atatu, timuone ndi maso athu, osati za pa wailesi. Chachiwiri, kontirakiti ikhale ya sizoni imodzi basi. Chachitatu, yosainira ichepe, zambiri azilandira pa gemu yomwe wasewera. Chachinayi, achoke ku winga alowe pakati, kapena azilowa chigawo chachiwiri adani atatopa. Chachisanu, Lachitatu lililonse aziphunzitsa ana athu kumenya kona ndi firikiki, kuti tsiku lomwe adzachoke atisiyire kanthu.

Wina anati kumeneko n'kumunyoza munthu wamkulu. Ine ndikuti ayi. Kunyoza ndi kumulonjeza ndalama zomwe tilibe, kenako mwezi wachitatu tiyambe kumuzemba pa msika wa Bvumbwe. Kumuuza zoona poyamba ndiye ulemu. Akakana usiginala n'kumaumirira kukoka khoka ndi msana wothyoka, timufunire zabwino, ndalama zathu tigulire jezi.

Komiti ikumananso Loweruka. Inu a ku Nkhotakota, Senga Bay, Msaka ndi Makanjira, mukanakhala pano mukanavota bwanji? Ndiyankheni lisanafike Lachisanu, ndipo tumizirani makochi anu awerengeko. Mundiperekere moni kwa madala onse a pa dooko, muwauze kuti kuno usipa tikugula wouma, wodula ngati nyama.