Livu ino, yesani mendo

Anzanga, livu ikabwera ambiri timaithera pa bala na pa TV. Ndalama psiti, thupi likali lolema. Chaka chino yesani vina: masiku atatu oyenda na mendo ku Mutinondo, kufupi na Mpika.

Kwerani basi ya ku Mpika pa Intercity, museluke pa Kalonje mu Great North Road. Kuchoka apo pali makilomita 25 a msewu wa fumbi, ndiye konzeranitu galimoto yokutengani. Mukafika mumanga tenti, m'mawa mutenga mapu, muyenda popanda wokutsogolerani: tsiku loyamba ku mathithi, lachiwiri m'madambo, lachitatu kukwera phiri la Mayense, mamita 1,684.

Manje popanda wotsogolera, wodzisamala ndinu. Yendani awiri kapena atatu. Uzani a pa kampu njira yanu na nthawi yobwerera. Foni musaidalire kuthengo. Nsapato zanyowani siyani, zizakupatsani matuza tsiku loyamba chabe. Nyamulani manzi, nshawa na jekete, chifukwa mu Juni na Julayi usiku kumazizira maningi.

Yambani Sondo lino: kuchoka ku Matero kufika mu tauni na mendo, chola kumsana. Mukabwerera osafuna minibasi, mwakonzeka.