MAU A CIZUNGU A MWEZI UNO: "MAKE UP"



Mwezi watha tinaona mau akuti "give up". Lero titenge anzace, ndiwo "make up", timau tiwiri tating'ono timene tigwetsa ana ambiri pa mayeso, ndi kusokoneza akulu omwe powerenga makalata. Musati izi nza ana a sukulu okha. Lamulo la maphunziro la caka ca 2013 linaika Cingelezi kukhala cinenero cophunzitsira m'sukulu za dziko lino, ndipo mwana wolephera Cingelezi pa mayeso a Fomu 4 salandira setifiketi ya MSCE, angakhale akhoze masamu cotani. Cifukwa cace nkwabwino kuti tate ndi mai adziweko pang'ono, kuti madzulo athe kufunsa ana ao zimene aphunzira.

"Make" ndiko kupanga, ndipo "up" ndiko m'mwamba. Koma mukawalumikiza musayese kuti atanthauza kupanga m'mwamba, iai. Angelezi ali ndi cizolowezi ca kuphatika kamau kakang'ono pambuyo pa mneni, ndipo pomwepo tanthauzo lisanduka lina. Samuel Johnson, amene buku lace lalikulu la mau a Cingelezi linasindikizidwa ku London m'caka ca 1755, anabvomera yekha kuti mau otere ndiwo asautsa alendo koposa. Koma tisawadandaule Angelezi, pakuti nafenso tiri nazo zathu. Ife timanga nyumba, timanga banja, timanga mfundo pa bwalo, ndipo apolisi amanga mbala. Mau ngamodzi, zingwe nzosiyana. Mlendo wophunzira Cicewa nayenso atuluka thukuta.

Tsono taonani matanthauzo asanu ndi limodzi.

1. Kuonjezera kuti cinthu cikwanire. Belo la fodya likapepuka pa sikelo, Mngelezi anena "make up the weight", ndiko kuti onjezerani masamba kufikira kulemera kwace kukwane. Palibe coipa apa, malinga coonjezeraco cikhale fodya wa mtundu womwewo. Koma tidziwa tonse zimene zicitika m'zigafa zina kuno ku Chamama nyengo yodinda: masamba okoma pamwamba, zinyalala pakati, mwinanso mcenga kapena miyala. Belo lotero likatsekulidwa ku okushoni ku Chinkhoma, ogula alikana. Libwerera kumudzi, ndalama za galimoto zatayika, ndipo kalabu yonse ikayikidwa cifukwa ca munthu mmodzi. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Kumeneko ndiko kulakwira lamulo lacisanu ndi ciwiri la Mulungu, loletsa kuba.

2. Kupeka. "He made up a story", ndiko kuti anapeka nkhani. Agogo akapeka nthano ya Kalulu pa moto, ana aseka naphunzira nzeru, ndipo palibe wolakwiridwa. Koma mwana wothawa sukulu akapeka matenda, kapena mboni ikapeka mau kwa amfumu kuti munda ucoke m'manja mwa mkazi wamasiye, pamenepo kupeka kwasanduka bodza, ndipo lamulo lacisanu ndi citatu lathyoledwa.

3. Kudzola nkhope. Ufa ndi utoto zimene atsikana agula ku Kasungu azicha "make-up". Sindinenapo zambiri. Kusamba ndi kudzola si chimo. Koma anyamata ofuna mbeta akumbuke nkhuyu ija yokoma kunja, m'kati muli nyerere, nafunse za mtima poyamba.

4. Kutsimikiza mtima. "Make up your mind", ndiko kuti lekani mitima iwiri, sankhani cimodzi. Mau awa ayenera munthu amene wakhala zaka zisanu ali kunena kuti ukwati adzadalitsa caka ca mawa, akagulitsa fodya. Fodya agulitsa caka ndi caka, koma kwa Abambo safika.

5. Kulipira coonongeka. Apa paonjezedwa kamau kena, "make up for". Ng'ombe zanu zikadya cimanga ca mnansi, kupepesa pakamwa sikukwanira. Mutumize dengu la cimanga. Waganyu amene anathyola ndi kusoka fodya wanu dzinja lonse, inu nkumudula malipiro pa zifukwa zopeka, mumbwezere zace. Werengani za Zakeyo pa Luka 19: iye sanangomva cisoni, koma analonjeza kubweza kanai zonse analanda monyenga.

6. Kuyanjana. "Make up with", ndiko kuyanjananso ndi munthu amene munakangana naye. Mwa onse, tanthauzo ili ndilo lobvuta kulicita. M'midzi mwathu alipo abale a bere limodzi amene sapatsana moni cifukwa ca malire a dimba, koma pa Misa agwada pa benchi limodzi. Alipo mabanja amene ndalama za fodya zikabwera mtendere uthawa: bambo asowa sabata ziwiri, nabwera m'thumba muli mbee, mai nafulatira mwezi wathunthu. Ankhoswe alipo cifukwa ca nchito imeneyi. Aitaneni msanga, cilonda cisananyeke. Pa Mateyo 5 Ambuye atiphunzitsa kuti kuyanjana ndi mbale kutsogole, nsembe ya pa guwa itsate pambuyo.

Ana a sukulu, nayi njira yosasokera: musathamangire kumasulira, koma yang'anani mau otsatira. Mukaona "for", ganizani za kulipira. Mukaona "with" ndi dzina la munthu, ganizani za kuyanjana. Mukaona "mind", ndiko kutsimikiza. Mukaona "story" kapena "excuse", ndiko kupeka. Mukakayika funsani aphunzitsi, pakuti safunsa anadya phula.

Kwa inu akulu nditi: Pasaka wayandikira. Kuyambira Msonkhano wa ku Lateran wa caka ca 1215, Eklezia alamula Mkristu aliyense wozindikira kuulula macimo ace kamodzi pa caka, ndipo Msonkhano wa ku Trent m'caka ca 1551 unaphunzitsa kuti wolapa afunika zitatu: cisoni ca mumtima, kuulula, ndi kulipira. Taonani tsono, anai mwa matanthauzo athu alowa momwemo. Tsimikizani mtima kuleka chimo. Pamaso pa wansembe musapeke kanthu. Bwezani za eni. Yanjanani ndi mbale wanu, ndipo potero muyanjana ndi Mulungu. Ngati pa khonde panu pali belo limene m'kati mwace simufuna kuti anthu aonemo, limasuleni lisanakwere galimoto.

Ana a Sitandade 7 ndi 8 alembe ziganizo zisanu ndi cimodzi, cimodzi pa tanthauzo liri lonse, awerengere makolo ao madzulo, nabwere nazo ku katekisimu Loweruka. Mwezi wa mawa, Mulungu akalola, tidzaona "put off".

Ine wanu mwa Kristu,
Mphunzitsi wa Katekisimu, Chamama.