Kutopa n'kwina, kutheratu n'kwina

Pa doko la Swang'oma, m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa chakuno ku Phalombe, msodzi akatsika m'bwato m'mamawa atachezera pamadzi amati watopa. Palibe amene amada naye nkhawa. Adya nsima ya matemba, agona pamthunzi, madzulo mum'peza akusoka ukonde. Koma msodzi yemweyo akakhala pansi n'kunena kuti "ine ndatheratu," anzake amasiya zimene akuchita n'kumuyang'ana, chifukwa akudziwa kuti zimenezo sizitha ndi tulo.

Chichewa chimasiyanitsa zinthu izi mosamala kuposa momwe ambiri amaganizira. Kutopa n'kwa thupi. Kulefuka kumadza ndi njala, matenda kapena uthenga woipa, pamene nkhongono zimangoti zii munthu ali chilili. Wogwa mphwayi mphamvu amakhala nazo, koma saonanso chifukwa chodzukira. Wothedwa nzeru wayesa njira zonse. Ndiye pali wosweka mtima, ndi wina amene anthu amamuopera kwambiri, wotaya mtima, poti ameneyo wasiya kuyembekezera mawa.

Anthu a ku Chilwa mawu amenewa sanawaphunzire m'kalasi. Nyanja yawo ndi yosaya, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imangolandira kuchokera ku Phalombe, Sombani, Likangala, Thondwe, Domasi ndi mitsinje ina, kenako dzuwa n'kumamwa. Mvula ikavuta zaka zotsatizana, nyanja imaphwa. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ong'aluka, mabwato ali gadaa pouma. Bambo amene moyo wake wonse wadalira matemba, makumba ndi milamba, amene amatha miyezi akugona m'chimbowera pakati pa mabango, akaona zimenezi sanena kuti watopa. Amati wagwira njakata, wasowa mtengo wogwira. Mayi wogulitsa nsomba zowamba amene anatenga ngongole ku banki m'khonde amati mutu sukugwira.

Madzi akabwera, nthawi zina amabwera mwaukali. Akuluakulu a ku Phalombe sanaiwale napolo wa m'mwezi wa March 1991, amene anatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi, anthu mazanamazana n'kufa. Mu March 2023 kunadza namondwe wa Freddy, amene anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno ndi kusiya oposa 600,000 opanda pokhala. Phalombe linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa koopsa, makamaka dera la Nkhulambe. Mabanja ena sanapeze ngakhale mtembo woti aike m'manda. Maliro opanda manda satha msanga mumtima.

Thandizo linafika: ufa, mabulangete, matenti, ndipo n'koyenera kuthokoza. Linafikanso ndi mawu a Chingerezi amene amadzaza malipoti ndi misonkhano, monga trauma, stress ndi depression. Vuto limayambira pomasulira. Womasulira akasowa chonena amathamangira ku "matenda a misala" kapena "matenda a ubongo," ndipo pomwepo bwalo limangoti zii. Kwa munthu wa kumudzi, misala ndi ya munthu wovula zovala pamsika, wotengeredwa ku chipatala cha amisala ku Zomba. Mayi amene mwana wake anapita ndi madzi, amene sagona mvula ikayamba kugunda pa malata, sangaimike dzanja kuti iye ndi mmodzi mwa amenewo. Amabwerera kunyumba ndi katundu wake yense mumtima.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mayiyu amanena ndithu vuto lake, koma m'chinenero chimene fomu ya kuchipatala ilibe malo ake. Amati mutu ukumupweteka, thupi likuphwanya, mtima ukuthamanga, kapena kuti BP yakwera. Amuyeza malungo, sawapeza, amupatsa panado. Sabata yamawa abweranso. Dokotala kapena namwino amene ali ndi mzere wa anthu mpaka panja sangadzudzulidwe kwambiri pa izi. Komabe pali funso limodzi lachidule limene likanatsekula nkhani yonse: "Mayi, kodi mukuganiza kwambiri?" Funso limenelo aliyense amalimva, ndipo silinyoza. Anthu amanena okha kuti uje akudwala maganizo, kuti wakhala khuma chimwalirire mwamuna wake, kuti mtima wake suli m'malo.

Anzathu a ku Zimbabwe anazindikira izi kale. Dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench mumzinda wa Harare. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika mumtima. Agogowo sanayambe ndi mawu a m'mabuku a udokotala. Anayamba ndi mawu a Chishona akuti kufungisisa, omwe ndi kuganiza kwambiri komweku. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti anthu amene anacheza pa benchipo anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Chimene chinagwira ntchito ku Harare chingagwirenso ntchito ku Swang'oma, komwe agogo, azimayi a mvano ndi atsogoleri a makomiti a m'madoko alipo kale ndipo anthu amawakhulupirira.

Wina angati mawu a Chingerezi ali ndi ntchito yake, ndipo akunena zoona. Depression ndi matenda enieni, ali ndi mankhwala ake, ndipo dokotala ayenera kuwalemba ndi dzina limene dokotala mnzake angalimve. Palibe akuti mawuwa aponyedwe m'nyanja. Koma taonani mmene achinyamata akugwiritsira ntchito mawu akuti stress masiku ano: mayeso akayandikira ndi stress, foni ikatayika ndi stress, mwana akamwalira ndi stress yomweyo. Mawu amodzi akumeza mawu khumi, ndipo womva sathanso kudziwa amene akufunika kupuma ndi amene sayenera kusiyidwa yekha usiku umenewo. Ku Phalombe, komwe okalamba ambiri amaganiza m'Chilomwe, mtunda wochoka pa mtima wa gogo kukafika pa lipoti la Chingerezi ndi wautali kuwirikiza.

Ntchito yokonza vutoli si yodula. Ofesi ya zaumoyo ya boma la Phalombe, pamodzi ndi mabungwe amene amagwira ntchito m'mbali mwa nyanjayi, akhale pansi ndi asodzi, amayi ogulitsa nsomba, mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, alembe mawu amene anthu amanena okha, n'kugwirizana kuti awa akutanthauza kutopa wamba, awa akufuna uphungu, awa ndi oti munthu aonane ndi dokotala lero lomwe. Alangizi a zaumoyo amene amayenda m'midzi aphunzitsidwe ndi mawu omwewo mvula ina isanagwe.

Ndipo inu amene mukuwerenga, mnzanu akakuuzani kuti watheratu, musamuyankhe kuti alimbe mtima n'kumapita. Khalani naye pansi, mumufunse chimene chamutha.