Tiyambe Tawerenga Nyama Tisanakunge Uta

M'dziko la Amereka, kumene boma la chigawo chilichonse limalengeza tsiku lotsegulira ndi tsiku lotsekera kusaka, muli alenje ena amene, ngakhale mfuti zili mbwee m'masitolo mwawo, anasankha dala kusaka agwape a kwawoko ndi uta wamtengo ndi mivi, monga ankachitira anthu akale. Ndipo popeza muvi wa uta wotere sulasa bwino nyama imene yaima kutali kopitirira mamita 20 kapena 30, mlenjeyo sangadalire mwayi, koma ayenera kudziwiratu mkwaso umene nyama imadzera, dziwe limene imamwako, ndi ora limene imatuluka m'ziyangoyango. Chifukwa chake m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti, nyengo ya uta isanatsegulidwe mu Seputembala kapena Okutobala, amalowa m'nkhalango ndi tikamera tating'ono natimangirira pa mitengo, ndipo tikamerato tikangomva kutentha kwa thupi loyenda, kaya ndi usana kaya ndi pakati pa usiku, timajambula tokha n'kulemba pa chithunzicho tsiku ndi ora.

Munthu wa kwa Nchilamwela ku Thyolo, amene m'mawa uliwonse amaona tiyi wobiriwira kuyambira pakhomo pake kufikira kumene maso alekezera, angathe kufunsa kuti nkhani ya alenje okhuta a kutsidya kwa nyanja ikumukhudza bwanji iye, amene ana ake akula osaonapo mbawala yamoyo. Komatu ikumukhudza ndithu, pakuti chipangizo chimene iwo amasankhira nyama yoti aphe ndicho chimene ife tingawerengere nyama zimene zatitsalira. Ndipo ine ndikuti kuwerengako kuchitike, ndiponso kuchitike m'manja mwa eni dera, mafumu ndi anthu awo pamodzi ndi eni maesiteti, chifukwa chuma chimene munthu sanachiwerengepo, ndiponso sauzidwa kuti n'chake, sachisamala konse.

Tisanachite kaso ndi kamerayo, tiyambe tafunsa chimene chinachulukitsa nyama za anthu amenewa. Pofika chaka cha 1900 agwape a mchira woyera anali atatsala pang'ono kutheratu m'zigawo zambiri za dzikolo, chifukwa aliyense ankapha monga afunira nagulitsa nyama ndi zikopa. Lero akuwerengedwa kuti alipo pafupifupi 30 miliyoni. Kamera yodzijambulira yokha inalipo kale m'masiku a kuthawo, pakuti George Shiras anali atayamba kujambula nyama usiku ku Michigan m'zaka za m'ma 1890, koma si iyo inapulumutsa gwape. Chinampulumutsa ndi lamulo la nyengo, ndi malire a chiwerengero chimene mlenje mmodzi angaphe, ndi kuletsa malonda a nyama yakutchire, ndi lamulo la mu 1937 lakuti ndalama za msonkho wa pa mfuti ndi zipolopolo zizibwerera ku thengo. Nyengo yapadera ya osaka ndi uta inayamba ku Wisconsin mu 1934, nyama zitayamba kubwerera. Ndipo lero lino, makamera atachuluka kufikira kuti dziwe limodzi lazingidwa ndi maso ambirimbiri, chigawo cha Arizona chinaletsa kuwagwiritsa ntchito posaka kuyambira pa 1 Januwale 2022, poona kuti nyama yosowa pobisala siikusakidwanso mwachilungamo. Tsono phunziro lake n'loonekeratu: mwambo ndiwo umasunga nyama, ndipo kamera ndi wantchito chabe amene amatumikira mbuye aliyense womugula, wabwino kapena woipa.

Mwambo umenewu sitifunika kukaubwereka kunja, pakuti makolo athu anali nawo. Uzimba sunkachitika tsiku lililonse limene munthu wamva nkhuli, koma m'chilimwe, zokolola zitalowa m'nkhokwe ndi udzu utauma, ndipo unkalengezedwa ndi mwini dziko, amene ankalandira gawo lake la nyama monga chizindikiro chakuti thengolo lili ndi mwini. Nyama inkagawidwa poyera motsata amene wayamba kulasa ndi amene wathandiza, ndipo mvula ikagwa anthu ankabwerera ku makasu, thengo n'kupuma. Kunalinso nkhalango za kumanda ndi za kukachisi zimene mlenje sankalowamo ndi galu kapena nkhwangwa, ndipo m'menemo nyama zinkaswana mosatekeseka. Mlenje weniweni ankayenda masiku ambiri wopanda kuponya muvi, akuwerenga mapazi pa matope a m'khwawa, kufikisa ndowe ndi zala kuti adziwe ngati nyama yadutsa usiku womwewo kapena dzana, kuyang'ana makungwa amene tonde wa mbawala wapala ndi nyanga, ndi kuwaza phulusa kuti aone kumene mphepo ikulowera. Pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngakhale ulembe umene Amang'anja a m'chigwa cha Shire ankapaka ku mivi yawo, wochokera ku nthanga za kombe, unali nzeru yozama kotero kuti John Kirk, mnzake wa David Livingstone pa ulendo wa mu Shire, ataona mmene umagwirira mtima, anatumiza mbiri yake kwawo, ndipo madokotala a ku Edinburgh anapangako mankhwala a nthenda ya mtima. Anthu otere sanali mbuli za thengo ayi.

Nanga mwambowo unafera kuti? Unafa pamene dziko linachoka m'manja mwa amene ankaulamulira. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 malo aakulu a mapiri a Shire analembedwa m'mapepala kukhala a azungu ochepa, ndipo tiyi atakhazikika ku Thyolo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, Amang'anja okhalamo ndi Alomwe amene ankabwera kuchokera ku Mozambique anasanduka alendi olipira malo ndi thukuta la thangata. Malamulo a atsamunda, amene anayamba kupatula malo a nyama monga dambo la Elephant Marsh mu 1897, anaika kusaka pa chiphaso cha ndalama chimene mwini mudzi sakanachikwanitsa, nanyoza maukonde, mbuna ndi agalu monga njira zankhanza, pamene mzungu wa mfuti yaikulu ankatchedwa katswiri wa masewera. Chotero mlenje, amene kale ankabwera kumudzi masana akuimbiridwa nthungululu, anayamba kubwera usiku mozemba. Ndipo munthu amene wasandutsidwa mbala pa dziko la makolo ake safunsanso ngati nyama ili ndi bere kapena ikuyamwitsa, chifukwa akudziwa kuti akaisiya lero, mawa adzaitola wina.

M'malo mwa uta munalowa khwekhwe la waya. Uta umafuna kuti munthu aione nyama, aiyandikire, asankhe. Khwekhwe silisankha ndipo silidziwa nyengo, limagwira yaikazi ndi yaimuna, mwana ndi nkhalamba, ndipo kawirikawiri nyamayo imaolera pomwepo mwini msampha asanabwere kudzaonja. Pamene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalango ya Liwonde mu 2015, alonda ake anazula makhwekhwe oposa 30,000 m'zaka zochepa zokha, m'malo amene anali otetezedwa ndi lamulo. Ngati zinali chomwecho pa malo a mpanda ndi alonda, nanga kuli bwanji m'timakwawa ta ku Thyolo, boma la anthu oposa 700,000, kumene munda wa banja lonse ungathe kuyendedwa m'mphindi zochepa? Phiri la Thyolo lenilenilo, limene linali ndi nkhalango yowirira yodziwika kwa akatswiri a mbalame pa dziko lonse, linametedwa mpala cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, anthu osowa polima atakwera ndi nkhwangwa kufikira pamwamba.

Chodabwitsa, ndiponso chowawa kuchivomereza, n'chakuti zotsalira za nkhalango yachilengedwe m'dera lino zapulumukira makamaka m'kati mwa maesiteti omwewo amene anatilanda thengo, m'mphepete mwa mitsinje ndi m'zigwa zimene tiyi sakanabzalidwamo. Pa esiteti ya Satemwa, imene Maclean Kay anaiyamba mu 1923, alendo amabwerabe kudzafuna kambalame kosowa kamene m'mabuku a sayansi kanatchedwa ndi dzina la Thyolo. M'tinkhalango totere ndimo mmene nchima, nungu, nguluwe, gwape ndi mbawala zingapezebe pobisala. Ndipo amene amadziwa bwino mikwaso yake ndi anthu awiri okha, mlonda wa esiteti ndi wotchera makhwekhwe, amene amakumana ngati adani.

Kuti thengo lotheratu lingathe kuuka, umboni uli pafupi, kungotsika phiri n'kuoloka Shire. Nkhalango ya Majete ku Chikwawa inali itatsala mitengo yokha pamene African Parks inagwirizana ndi boma mu 2003. Chipembere chinabwezedwa chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012, ndipo nyama zoposa 2,500 zinatutidwa kuchokera kwina. Kumeneko ofufuza a ku yunivesite ya Stellenbosch akhala akutchera makamera omwewa pofuna kudziwa nyama zimene zilimo ndi mmene zimayendera. Thyolo sangakhale Majete, pakuti malo ake ndi ochepa ndi odukaduka. Koma mbawala ndi gwape safuna dziko lalikulu, amangofuna chitsamba chowirira, madzi, ndi zaka zingapo za mtendere.

Pempho langa tsono ndi ili. A Mfumu Yaikulu Nchilamwela ndi mafumu awo, eni maesiteti, a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndi mabungwe monga Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene lakhala likugwira ntchito yoteteza nyama kuyambira 1947, akhale pansi napangane za kalembera wa nyama za m'tinkhalango timeneti, pakuti nkhanga zinapangana kusanapse. Makamera amangidwe m'chilimwe, pamene nyama zimasonkhana ku madzi ochepa otsala, pa msinkhu wa bondo la munthu, moyang'ana kumpoto kapena kumwera kuti dzuwa lotuluka ndi lolowa lisawachititse khungu, ndipo asiyidwe milungu ingapo osasunthidwa. Osankha pomangapo akhale alenje akale ndi anyamata omwe aja amatchera makhwekhwe, olembedwa ntchito ndi kulipidwa, chifukwa katswiri wochokera ku Blantyre angathe kumanga kamera pa mtengo wokongola pamene nyama sidutsapo chaka chonse. Ndipo koposa zonse, zithunzizo zisakathere mu kompyuta ya bwana kapena m'lipoti la chizungu, koma zionetsedwe pa bwalo la mfumu ndi m'masukulu, kuti mwana wa wothyola tiyi aone ndi maso ake chimene chimayenda usiku kuseri kwa mzere wa bulugamu, nadziwe kuti chimenecho ndi cholowa chake.

Alipo amene adzatsutsa, ndipo mawu awo sayenera kupeputsidwa. Ena adzati kamera idzangosanduka mlonda wina wa esiteti, wojambula amayi otola nkhuni kuti akawagwire. Ndipo manthawo ali ndi maziko, pakuti ku India, pafupi ndi nkhalango ya Corbett, ofufuza anapeza kuti makamera oikidwira akambuku ankagwiritsidwanso ntchito poopseza ndi kuchititsa manyazi amayi olowa m'thengo. Chifukwa chake pangano lilembedwe poyera kuti chithunzi cha munthu chidzafafanizidwa, ndi kuti mudzi udzauzidwa dera limene makamera ali. Ena adzati kuonetsa anthu nyama n'kuitanira akuba. Koma wakuba amadziwa kale pamene nyama ili, ndipo osadziwa ndi anthu ambiri amene akanamuletsa. Enanso adzati munthu wanjala sauzidwa za mbawala, ndi kuti funso lenileni la Thyolo ndi la malo. Zimenezo n'zoona, ndipo kalembera wa nyama sadzathetsa mlandu umene wakhalapo zaka zoposa 100. Koma tsiku limene mlanduwo udzaweruzidwe, kaya malowo adzakhale a yani, kudzakhala bwino kuti mudzapezeke chamoyo choti n'kulandira.

Sindikuuza munthu kuti atenge uta mawa alowe m'thengo, pakuti lamulo la nyama zakutchire la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017 kufikira zaka 30 za ndende kwa opha nyama zotetezedwa kwambiri, likadali pomwepo, ndipo nyama zathu n'zochepa kwambiri kuti zipirire ngakhale muvi umodzi. Chilamulo cha Mose chomwe chinaletsa wopeza chisa cha mbalame kutenga make pamodzi ndi ana, kuti mbewu isathe m'dziko. Koma ngati mbadwo uno ungawerenge mokhulupirika chaka ndi chaka, nuzula makhwekhwe, nuona chiwerengero chikukwera, pamenepo adzukulu athu adzakhala ndi chifukwa chomveka chopitira ku boma kukapempha nyengo yawoyawo ya uzimba, ya masiku owerengeka ndi nyama zowerengeka, yolengezedwa ndi mfumu monga kale. Boma silingakane pempho lotere mosavuta ngati opemphawo abwera ndi kaundula wa zaka khumi m'manja. Ndipo ntchito yolemba kaundulayo iyenera kuyamba chilimwe chikubwerachi, mafumu ndi eni maesiteti atagwirizana kuti woyamba kuitana msonkhano ndani.